Kandulo Yosweka Ija

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, chifukwa ndikayamba ndi nkhani imene yandidzaza m'kamwayi ndiiwala ulemu wonse umene munandiphunzitsa. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Achimwene anandilembera kuti zala zanu zayambanso kuuma m'mawa, moti zikombole za makandulo mukuzitsegula movutikira. Ndikhulupirira kuti mankhwala opaka amene anakupatsani kuchipatala mukupakadi, osati kungowaika pawindo kuti azikongoletsa nyumba. Ine kuno ndili bwino. Chimfine chinandigwira sabata ziwiri, koma tsopano chandisiya.

Iyi ndi kalata yanga yachisanu chichokereni kumeneko. Zinayi zija munalandira, ndikudziwa, chifukwa achimwene akuti mumaziwerenga kawiri kenako n'kuziika pansi pa nsalu ya patebulo. Koma yankho lanu silinabwere, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Ndinakuyankhulani mawu oipa tsiku lonyamuka lija, ndipo m'makalata onse anayi ndakhala ndikuwalambalala ngati chithaphwi cha pamsewu. Lero ndipondamo. Koma ndiloleni ndiyambe ndi nkhani yabwino, pakuti inunso muli m'kati mwake.

Choyamba, ndinasamuka m'chipinda chonyowa chija. Tsopano ndikukhala pamwamba, pansanjika yachinayi, ndipo dzuwa limalowa pawindo mpaka pabedi. Chikepe chokwerera chinawonongeka mwezi womwe ndinalowa, choncho ndimakwera masitepe 72 tsiku lililonse. Miyendo yalimba, simungandizindikire. Woyandikana naye akuphunzira kuimba lipenga. Akudziwa nyimbo imodzi yokha, ndipo nayonso amaifika pakati n'kubwerera. Poyamba ndinkakwiya, koma pano akapanda kuimba ndimada nkhawa kuti mwina wadwala.

Tsopano za ntchito. Nthawi zonse mukandifunsa chimene ndimachita mu labotale ndinkayankha kuti n'zovuta kufotokoza. Kunali kudzikweza chabe. Si zovuta, makamaka kwa inu.

Thupi la munthu ndi lopangidwa ndi timaselo ting'onoting'ono, ndipo selo iliyonse yakutidwa ndi nembanemba yopyapyala kwambiri ya mafuta. Mabakiteriya oyambitsa matenda nawonso ali ndi nembanemba yawo yotero. Mafuta amenewa ali ndi khalidwe ngati la phula lanu. Kukazizira amagwirana, amaima mondondozana n'kuuma. Kukatentha amasungunuka, amayamba kuyendayenda, koma nembanembayo siing'ambika. Mafuta amene ine ndimagwiritsa ntchito amasungunuka pa madigiri 41, osalephera, ndipo onse amasungunukira pamodzi.

Tili ndi makina amene amatenthetsa mafutawo pang'onopang'ono n'kumajambula mzere pakompyuta. Mzerewo umayenda chogona, ndiye ikakwana mphindi yosungunuka umadumpha n'kupanga kaphiri kosongoka, kenako umatsikanso. Ndikaona kaphiri kameneko ndimadziwa kuti mafuta anga ali bwino.

M'mafutamo ndimathiramo kanthu kena kotchedwa pepitaidi. Ndi kachidutswa kakafupi ka puloteni. Yathuyi ndi ya mtundu umene umatha kulowa mu nembanemba n'kudzipinda kukhala kapaipi koboola mbali zonse ziwiri. Kapaipiko kakatseguka, mchere wa m'kati mwa selo umatuluka, wakunja umalowa, ndipo bakiteriya amafa. N'chifukwa chake anthu akuziyembekezera zinthu zimenezi, kuti mwina zidzathandiza pa matenda amene ayamba kukana mankhwala akale. Vuto n'lakuti kapaipi kosasankha kangaboolenso maselo a wodwalayo. Ntchito yanga ndi kuona chimene pepitaidiyo imachita kwa mafuta oizungulira, ngati imawafulumizitsa kusungunuka kapena kuwachedwetsa. Tikadziwa mmene imakhalirana ndi mafuta a mitundu yosiyanasiyana, tidzadziwa poyambira kuiphunzitsa kusankha.

Apa m'pamene ndinaona zakuda, Amayi. Miyezi isanu ndi iwiri yathunthu, makina aja ankandipatsa mzere wosiyana tsiku lililonse. Mafuta omwewo, pepitaidi yomweyo, muyezo womwewo, koma Lachiwiri kaphiri kosongoka, Lachitatu kachulu kophwatalala, Lachinayi timaphiri tiwiri. Pa ntchito yathu chinthu chikakana kubwerezeka ndiye kuti sunapeze kanthu. Ndinatsuka timabotolo mpaka manja anasuwa. Ndinaitanitsa mafuta atsopano. Ndinafika ponamizira makina, mpaka anabwera amisiri kudzawatsegula, n'kupeza kuti alibe mlandu.

Aprofesa amene amandiyang'anira ndi mayi wamfupi wa imvi, woyenda mofulumira ngati wasiya mkaka pamoto. Tonse timawatchula kuti Mayi Bwerezanso, chifukwa ukawaonetsa chilichonse, ngakhale chokongola bwanji, yankho lawo ndi lomwelo. Mwezi watha anandiitanira mu ofesi yawo, anatseka chitseko, n'kundiuza mofatsa kuti ngati mizere yanga siigwirizana pofika kumapeto kwa mwezi uno, kafukufukuyu timusiye, ndikayambe mutu wina. Ndiye kuti chaka chonse chikanapita m'madzi. Ndinatuluka ndikumwetulira, koma nditafika pamasitepe ndinalira ngati mwana.

Loweruka lake masana ndinatsitsa sutikesi yanga pamwamba pa kabati kuti ndifune juzi. M'thumba la m'mbali ndinakhudza kamtolo kaja munandiikira mobisa, kokulunga m'nyuzipepala. Ndinakapeza sabata yoyamba nditafika kuno, koma sindinakuuzeni. Muli makandulo asanu ofiira, osalala ngati galasi, ntchito ya manja anu. Ndipo muli kandulo yachisanu ndi chimodzi, yokhota, ya mawangamawanga, yong'aluka kuyambira pamwamba mpaka pakati.

Kandulo imeneyo ndikuidziwa. Ndinaithira ndine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, tsiku limene munapita kukaona azakhali kuchipatala n'kundisiyira sefuliya ya phula. Munandiuza kuti ndithire utoto, nditakase, ndivundikire, ndikulunge sefuliyayo m'bulangeti lakale lija ndi kuisiya mpaka m'mawa. Ine ndinaona ngati n'kutaya nthawi. Ndinathira m'zikombole nthawi yomweyo, ndipo pofuna kuti aume msanga mudzandiyamikire, ndinaviika zikombolezo m'ndowa ya madzi ozizira. Makandulo makumi awiri ndi anayi onse anang'aluka. Simunandimenye. Munangowabwezera m'sefuliya, kupatula imodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina langa m'nyumba mwathu linakhala Naphuma.

Nditaiona koyamba kuno ndinakwiya. Ndinaganiza kuti mwaisunga zaka khumi ndi zisanu kuti mudzandinyoze nayo, ndipo ndinaibwezera m'thumba. Koma Loweruka limenelo ndinali wosweka mtima moti ndinalibe mphamvu zokwiyira. Ndinangokhala pansi, kandulo m'manja, n'kumayang'ana mawanga aja, pamene utoto unaunjikana ndi pamene sunafike. Ndinakumbukira zimene munkanena mukamakulunga sefuliya, zoti phula ndi utoto ndi alendo, munthu suwakwatitsa tsiku lomwe akumana, amayenera kugona malo amodzi ofunda kuti azolowerane.

Amayi, ndinadzuka ngati ndalumidwa ndi linthumbu! Ndinatsika masitepe aja ndi nsapato za m'bafa, mpaka pabasi m'pamene ndinazindikira. Ku labotale ndinatenga makope anga onse atatu n'kuwayala patebulo.

Imvani chimene ndinapeza. Ndikasakaniza mafuta ndi pepitaidi, ndimayenera kuika timabotolo m'beseni la madzi otentha ndisanayeze. Malangizo amene ndinawapeza amati ola limodzi. Ine, mwana wanu Naphuma, ndinalidula kukhala theka la ola, nthawi zina mphindi makumi awiri, kuti ndiziyeza katatu patsiku anthu aone kuti ndine wakhama. Koma Lachitatu lililonse timakhala ndi msonkhano wa dipatimenti, wautali, wa anthu okonda kumva mawu awo omwe, ndipo timabotolo tinkatsala m'madzi otentha maola anayi kapena asanu. Nditandandalika mizere yonse potsata masiku, ya Lachitatu yokha ndi imene inkafanana. Miyezi isanu ndi iwiri ndinkaudandaula msonkhano umenewo kuti ukundichedwetsa, osadziwa kuti ndi wokhawo umene unkandigwirira ntchito.

Lolemba m'mawa ndinakonza timabotolo tisanu ndi kamodzi kuchokera m'chosakaniza chimodzi. Koyamba sindinakaike m'madzi n'komwe. Kachiwiri kanakhalamo ola limodzi, kachitatu maola atatu, kachinayi asanu ndi limodzi, kachisanu khumi ndi awiri, kotsiriza tsiku lathunthu. Kudikira kumeneko kunandipweteka kuposa masitepe. Ndinkangozungulira beseni lija, manja akuyabwa, mpaka a Chipewa anandithamangitsa m'chipindamo. A Chipewa ndi katswiri wathu wa makina, bambo wa ndevu zoyera amene tinali tisanaonepo pamutu pawo, chifukwa chipewa savula. Anati ngati sindingathe kukhala pansi ndipite ndikawatsukire makapu a tiyi, ndipo ndinapitadi.

Pofika Lachinayi mizere yonse isanu ndi umodzi inali itatuluka. Nditaisanjikiza pakompyuta, inafola ngati ana asukulu potsata msinkhu. Kabotolo kosadikira kanapereka kaphiri kosongoka, pafupifupi ngati mulibe pepitaidi. Ka ola limodzi kaphiri kanafupika pang'ono. Ka maola atatu kanafupikanso n'kuyamba kutambasuka. Ka maola khumi ndi awiri ndi ka tsiku lathunthu tinapereka chulu chimodzimodzi, chachifupi, chotambalala, choyamba kukwera madigiri 41 asanakwane. Mizere iwiriyo inagonerana moti inkaoneka ngati umodzi. Ndinakuwa, Amayi. A Chipewa anathamangira kudzaona ngati ndapsa.

Tanthauzo lake ndi ili. Pepitaidi yathu ikangolowa m'mafuta siikhala kapaipi nthawi yomweyo. Imalowa ziwiriziwiri zitapotana ngati chingwe cha kandulo, ndipo ikakhala choncho mafuta saisamala kwenikweni. Imafuna mafuta osungunuka, ofunda, ndi nthawi yaitali, kuti imasuke n'kudzipinda bwino kukhala kapaipi. Tsono kapaipiko n'kakafupi poyerekeza ndi kuchindikala kwa nembanemba, choncho mafuta oyandikana nako amakakamizika kupindika kuti alingane nako. Mafuta opindikawo sathanso kuima mondondozana ndi anzawo. Amayamba kusungunuka msanga, ena pambuyo pake, akutali pomaliza, m'malo mosungunukira pamodzi. N'chifukwa chake kaphiri kamasanduka chulu. Ine ndinkayeza zinthu zili pakati pa ulendo, tsiku lililonse pamalo ena.

A Chipewa sakhulupirira mzere wa munthu wina. Ali ndi makina awoawo oyeza magetsi odutsa pa nembanemba, ndipo kapaipi kakatseguka cholembera chake chimadumpha kamodzi, kakatsekeka chimatsika. Anatenga kabotolo kosadikira ndi kogonera, osandiuza kuti ayamba ndi kati. Koyamba cholembera chinangoti zii, kudumpha mwa apo ndi apo. Kachiwiri, komwe kanali kogonera kaja, chinayamba kudumphadumpha osapuma. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anavula chipewa n'kukanda pamutu. Dazi lawo ndinaliona ndi maso angawa, ndipo anzanga mpaka lero akukana kundikhulupirira.

Lachisanu ndinapita kwa Aprofesa. Anavala magalasi, anayang'ana mizere ija, anavula magalasi, anayang'ananso. Anadzimenya pachipumi n'kunena kuti mapepala akale amanena zofanana ndi zimenezi pa pepitaidi ina ya mtundu womwewu, koma iwo anaganiza kuti yathuyi, popeza ndi yosinthidwa, ola limodzi likwana. Anati cholakwa si changa ndekha. Chimene chinawasangalatsa kwambiri n'chakuti tsopano, pongoyang'ana mmene mafuta akusungunukira, tingadziwe kuchuluka kwa timapaipi timene tapangika. Kafukufuku wanga sakutsekedwanso. Mwezi wamawa tiyamba kuyesa mafuta ofanana ndi a mabakiteriya pambali pa ofanana ndi a munthu, komanso kuchulukitsa timapaipi kuti tione ngati nembanemba ingasiye kukhala yoyalika n'kuyamba kudzikulunga. Pomaliza, monga mwa dzina lawo, anati ndibwerezenso. Ndabwereza katatu sabata ino, ndipo katatu konse zatuluka chimodzimodzi.

Ndisanatuluke anandifunsa kuti maganizo oyang'ana nthawi ya m'beseni ndinawatenga m'buku liti. Ndinali nditaika kandulo ija m'thumba la jasi langa loyera, choncho ndinaitulutsa n'kuiika pa desiki yawo. Ndinawafotokozera za inu, za sefuliya, za bulangeti, ndi za alendo osakwatitsidwa tsiku lomwe akumana. Anaitembenuza kanduloyo m'manja, anayendetsa chala mumng'alu, n'kufunsa kuti mwakhala mukugwira ntchitoyi zaka zingati. Nditati makumi atatu ndi zinayi, anati ndiye kuti inu mwaona mafuta akugwirana ndi kusungunuka kambiri kuposa iwo, ndipo anandituma kuti ndikupatseni moni wa munthu wa ntchito imodzi ndi inu. Moni wakewo ndi umenewu, ndapereka.

Tsopano ndafika pachithaphwi chija.

Tsiku lonyamuka, katundu ali pakhonde, munandipempha kuti ndikugwirireni zikombole pamene mukuthira phula, kotsiriza. Ine ndinali nditavala kale zapaulendo. Ndinayankha kuti ndinaphunzira n'cholinga choti ndisadzakalambire pa sefuliya ya phula ngati inu. Ndinanena pamaso pa alamu, ndiponso pamaso pa mayi uja amabwera kudzapikula makandulo. Munagwira zikombole ndi dzanja limodzi, sefuliya ndi linalo, ndipo phula linakudontherani pachala. Ndinaona, koma sindinasunthe. Pokwera basi munandigwira dzanja ngati mlendo.

Ndinalakwa, Amayi. Sindikunena chifukwa choti nzeru zanu zandipulumutsa, ngati kuti zikanapanda kundithandiza ndiye kuti mawu aja akanakhala abwino. Anali oipa tsiku lomwelo. Sefuliya imeneyo ndi imene inandipititsa kusukulu, ndipo yunifolomu yanga inkanunkhira phula chifukwa inu munkaisita ndi manja omwe agwira ntchito kuyambira m'mawa. Ndinkachita manyazi ndi fungo limenelo. Lero ndimatsegula thumba la sutikesi kuti ndilimve. Ndipo taonani mmene Mulungu amasekera anthu odzikweza: ndinawoloka maiko kuthawa sefuliya ya phula, ndipo ndikukalambira pa beseni la mafuta, kudikira kuti azolowerane ndi mlendo wawo. Mawu a akulu akoma akagonera. Anuwa agonera zaka khumi ndi zisanu. Ndikhululukireni.

Kandulo yosweka ija sindikuionanso ngati chitonzo. Ndikuganiza kuti munaisunga chifukwa ndi yoyamba imene mwana wanu anathira, ndiponso munadziwa kuti kumene ndikupita kulibe munthu wondiitana Naphuma ndikayamba kuthamanga. Ngati ndalakwitsa kumasulira, mundikonze ndinu.

Pempho langa ndi limodzi. Ndagula kasefuliya kakang'ono, chingwe, ndi chikombole chimodzi chachitsulo chimene ndinachipeza m'sitolo ya zinthu zakale. Ndikufuna ndiisungunule kandulo ija, ndiithirenso bwino. Koma nditakhala pansi kuti ndiyambe, ndapeza kuti sindikudziwa. Ndinakulira pambali pa sefuliya yanu koma sindinayang'anepo ndi mtima wofuna kuphunzira. Sindikudziwa kuti m'mawa phulalo mumalitenthetsanso mpaka pati, kaya mumaonera chiyani pamwamba pa phula kuti lakonzeka, kaya chikombole mumachifunditsa kaye, kaya chingwe mumachimanga bwanji kuti chisakhotere kumbali. Mundilembere ndi dzanja lanu, Amayi. Musatume achimwene, iwo amadziwa za injini basi, adzandiuza kuti ndithiremo oyilo. Ngati zala zikupweteka, lembani mzere umodzi patsiku, kalatayo idzafika pamene idzafike. Mukafuna kundikalipira m'kalata yomweyo, pepala lili ndi mbali ziwiri.

Mundiperekere moni kwa achimwene, muwauze kuti ndathokoza chifukwa chosatopa kundilembera. Moni kwa alamu, ndipo muwauze kuti mawu amene anamva pakhonde paja ndawabweza, kalatayi akhoza kuiwerenga. Moni kwa achemwali ndi ana awo onse atatu, makamaka wamkulu amene ndamva kuti wayamba kukonda sayansi, mumulole aziima pafupi mukamathira. Moni kwa azakhali, ndikuwafunira mawondo abwino, ndi kwa amalume, amene ndikudziwa kuti afunsa ngati ndapeza mwamuna. Muwauze kuti ndapeza chulu cha pakompyuta, zinazo zidikire kaye. Mayi wopikula makandulo uja nayenso mumupatse moni wanga.

Kanduloyo ndaiimika pawindo, pambali pa kasefuliya katsopano. Manja akundiyabwa, inu mukundidziwa. Koma sindiyatsa moto mpaka kalata yanu itafika, ngakhale itatenga chaka. Ndidikira.

Ndine mzime wanu,
Naphuma